Madzi a M'dziwe Losambiramo Akachita Mbuu: Mafunso ndi Mayankho

Awa ndi mafunso amene eni maiwe osambiramo, ndiponso anthu olembedwa ntchito yosamalira maiwe, amafunsa mobwerezabwereza. Paliponse pamene mukuona ppm, dziwani kuti ndi muyezo wa mankhwala m'madzi: 1 ppm ndi miligalamu imodzi pa lita imodzi.

Kodi madzi akachita mbuu, mumakhala muli chiyani?

Mumakhala tinthu tosawerengeka tolendewera m'madzi, tating'onoting'ono moti sitimira pansi, ndipo diso silingathe kutiona kamodzikamodzi. Kuwala kukalowa kumagunda tinthuti n'kumwazika, ndiye madzi amaoneka otuwa.

Tinthuti tikhoza kukhala ndere zimene zangoyamba kuswana, ndere zakufa, mabakiteriya, fumbi, mungu wa maluwa, mafuta odzola amene asukuluka m'matupi a osambira, kapena kashiamu amene wasiya kusungunuka n'kusanduka ufa. Chovuta n'chakuti zonsezi zimaoneka chimodzimodzi. Munthu sangaime m'mphepete mwa dziwe n'kudziwa ndi maso okha chimene chalakwika, ngakhale atagwira ntchitoyi zaka zambiri. Koma gwero lake limakhala chimodzi mwa zitatu izi: klorini sakukwanira, madzi sakusefedwa mokwanira, kapena pH (muyezo wa asidi m'madzi, umene umatsika asidi akachuluka) ndi kashiamu zapitirira malire. Chimene chimapezeka kawirikawiri ndi choyambacho, ndipo nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi chachiwiri.

Kodi tingasambiremo madzi ali choncho?

Ngati simukuona pansi pa dziwe kumbali yakuya, musalowe, ndipo ana musawalole. Chifukwa choyamba si matenda ayi, ndi kumira. Munthu womira nthawi zambiri safuula, amangotsika mwakachetechete, ndipo chomupulumutsa ndi diso la wina amene ali kumtunda. Mu June 2011, mumzinda wa Fall River ku Massachusetts, m'dziko la America, mtembo wa mayi wina unakhala masiku awiri pansi pa dziwe la anthu onse osaoneka, ena akusambira momwemo, chifukwa madzi anali a mbuu. Malangizo okhudza maiwe osambiramo amene bungwe la WHO linatulutsa mu 2006 amati madzi aziyera mokwanira moti mwana wamng'ono ali pansi azioneka kwa woyang'anira osambira.

Chachiwiri ndiye matenda. Madzi a mbuu kawirikawiri amasonyeza kuti klorini wagonja, ndipo tizilombo timabisala m'tinthu tolendewera tija moti mankhwala satifikira msanga. Zotsatira zake ndi kutsegula m'mimba, kupweteka kwa makutu ndi zidzolo pakhungu. Komabe kuyera kwa madzi si umboni wakuti mulibe tizilombo. Kachilombo kotchedwa Cryptosporidium kamatha kukhala ndi moyo kupitirira mlungu umodzi m'madzi oyera a klorini wokwanira. Amene akutsegula m'mimba asalowe m'dziwe lililonse.

Ndadzuka, ndapeza madzi achita mbuu. Ndiyambire pati?

Musathire kanthu musanayeze. Anthu ambiri amathamangira botolo limene lili pafupi, mawa lake n'kuthira lina, ndipo pofika tsiku lachitatu palibe amene angadziwenso chimene chili m'madzimo.

Yambani ndi zosafuna ndalama. Kodi pampu ikuyenda? Madzi akutuluka mwamphamvu m'mapaipi obwezera madzi m'dziwe? Tidengu togwira masamba, ka pa skimmer (kamwa ya m'mbali mwa dziwe yokokera madzi a pamwamba) ndi ka pa pampu, sitinadzaze? Nanga valavu ya fyuluta (chosefera madzi, chimene nthawi zambiri chimakhala ndi mchenga m'kati) ili pa "filter", kapena wina anaisiya pa "recirculate", pamene madzi amangozungulira osadutsa mumchenga? Chomalizachi chimaoneka chachibwana, koma chimachitika, ndipo munthu akhoza kutha mlungu akuthira mankhwala m'madzi amene sakusefedwa n'komwe.

Kenako yezani klorini, pH, alkalinity (imene imagwira pH kuti isamasinthesinthe), kashiamu ndi stabilizer (mankhwala oteteza klorini ku dzuwa). Madzi oyeza muwatunge mozama, mkono utalowa kufika m'chigongono, kutali ndi pamene madzi obwerera amatulukira. Mukadziwa manambala, ndondomeko yake ndi iyi: tsitsani pH ifike cha pa 7.2, kwezani klorini, kwechani makoma ndi pansi ndi burashi, pampu iyende usana ndi usiku, ndipo fyuluta muziitsuka puresha ikakwera.

Manambala oyenera ndi ati?

Klorini amene adakali ndi mphamvu, amene pa zoyezera amalembedwa kuti free chlorine, akhale pakati pa 1 ndi 3 ppm, ngakhale kuti nambala imeneyi imakwera mukakhala ndi stabilizer wambiri, monga tifotokozere kutsogoloku pa funso la mapiritsi. pH ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.8, ndipo ambiri amaisunga pa 7.4 mpaka 7.6. Alkalinity ikhale 80 mpaka 120 ppm, kashiamu 200 mpaka 400 ppm, stabilizer 30 mpaka 50 ppm.

Timapepala toviika m'madzi timathandiza pa kuyeza kwa tsiku ndi tsiku, koma madzi akavuta pezani choyezera cha madontho kapena cha timapiritsi ta DPD, timene timasintha mtundu wa madzi oyezawo mukakhala klorini. Ka DPD 1 kamasonyeza klorini wamphamvu, ka DPD 3 kamasonyeza klorini yense. Pali msampha umodzi. Klorini akachuluka kupitirira 10 ppm amatha kusulutsa mtundu wa DPD, madzi oyezawo n'kuoneka ngati mulibe klorini, munthu n'kuwonjezera wina pamene alimo kale wambiri. Mukakayikira, sakanizani madzi a m'dziwe ndi madzi opanda klorini theka ndi theka, yezaninso, ndipo yankho mulichulukitse kawiri.

Dziwe likununkha klorini, maso akuyabwa. Si ndiye kuti klorini wachuluka?

Kawirikawiri ndiye kuti wachepa. Klorini akakumana ndi thukuta ndi mkodzo amagwirana nazo n'kupanga mankhwala otchedwa chloramine. Amenewa ndiwo amanunkha ndi kufiiritsa maso, koma mphamvu yawo yopha tizilombo ndi yochepa kwambiri. Dziwe losamalidwa bwino silinunkha kwenikweni.

Kuti mudziwe kuchuluka kwake, chotsani klorini wamphamvu pa klorini yense. Ngati yense ndi 2.5 ppm ndipo wamphamvu ndi 1.5 ppm, ndiye kuti wogwidwa ndi 1 ppm. Akapitirira 0.5 ppm, dziwe likufunika shock. Lamulo lodziwika pantchitoyi limati klorini wamphamvu akwezedwe kufika kuchulukitsa kakhumi klorini wogwidwayo. Kuthira pang'onopang'ono sikuthandiza.

Kodi shock n'chiyani, ndipo ndithire klorini wochuluka bwanji?

Shock si dzina la mankhwala apadera, ngakhale mapaketi ena amalembedwa choncho. Ndi kukweza klorini kwambiri nthawi imodzi, kufika 10 ppm kapena kuposa, kuti aphe ndere ndi kuwotcha zinyalala zimene klorini wa masiku onse walephera.

Choyamba dziwani kukula kwa dziwe lanu. Ambiri salidziwa, amangoyerekeza. Chulukitsani mulitali, mulifupi ndi kuya kwapakatikati, m'mamita, ndipo yankho mulichulukitse ndi 1,000. Dziwe la mamita 8 mulitali, 4 mulifupi ndi 1.5 kuya lili ndi malita 48,000. Klorini wa ufa wotchedwa calcium hypochlorite, wa mphamvu ya 65 peresenti, amafunika pafupifupi magalamu 15 kuti akweze malita 10,000 ndi 1 ppm. Choncho dziwe lathu lija, kuti likwere ndi 10 ppm, lifunika magalamu oposa 700 pang'ono.

Thirani madzulo dzuwa litalowa, chifukwa dzuwa limadya klorini, ndipo pampu ikhale ikuyenda. Ufawo muusungunule kaye mu ndowa ya madzi. Chimene ambiri amaphonya n'chakuti shock siithera pa kuthira kamodzi. M'madzi oipa, klorini amene munathira madzulo akhoza kutha pofika m'mawa, ndere zotsala n'kuyambiranso kuswana. Yezani kawiri kapena katatu patsiku, ndipo nthawi iliyonse mubwezere klorini pa mlingo uja mpaka atasiya kutha msanga. Anthu alowenso klorini akatsika kufika pa 5 ppm kapena kucheperapo, pansi pakuoneka.

Ndachita shock, koma madzi afika poipa kuposa kale. Ndalakwitsa?

Mwina ayi. Ngati madzi anali obiriwira pang'ono ndipo tsopano ndi otuwa, zinthu zikuyenda: ndere zafa, ndipo zimene mukuona ndi mitembo yake. Klorini wagwira ntchito yake, yatsala ya fyuluta.

Koma calcium hypochlorite amabweretsanso kashiamu, pafupifupi 7 ppm pa 10 ppm iliyonse ya klorini, ndipo amakweza pH kwa kanthawi. M'madzi amene ali kale ndi kashiamu wambiri, zimenezi zimachititsa mbuu wa tsiku limodzi kapena awiri. Zikamachitika nthawi zonse, sinthani muzigwiritsa ntchito klorini wamadzi, sodium hypochlorite, amene alibe kashiamu.

Ndingadziwe bwanji kuti vuto ndi ndere, popeza madzi si obiriwira?

Ndere zimayamba kutuwitsa madzi zisanawabiriwitse. Chizindikiro china ndi makoma oterera mukawagwira.

Njira yotsimikizika ndi kuyeza usiku. Dzuwa litalowa, klorini atasakanikirana bwino, yezani ndi kulemba nambala. Zimitsani chilichonse chimene chimathira klorini chokha, ndipo mapiritsi oyandama muwachotse. M'mamawa dzuwa lisanawombe m'dziwe yezaninso. Usiku kulibe dzuwa loti lidye klorini, choncho ngati watsika kupitirira 1 ppm, ndiye kuti muli chamoyo kapena zinyalala zimene zikumudya, ndipo shock ipitirire. Ngati sanatsike koma madzi adakali mbuu, siyani kuthira klorini, kayang'aneni fyuluta.

Kukwecha nako musakupeputse. Ndere zimadzikuta ndi kansalu koterera kamene klorini sakaboola msanga. Zimakonda kuseri kwa makwerero, m'makona, mozungulira magetsi a m'madzi ndi m'kamwa mwa skimmer.

Ndimaika mapiritsi a klorini mlungu uliwonse, choyezera chimasonyeza 2 ppm, koma madzi sakuyera. Chikuchitika n'chiyani?

Funso ili ndi limene limasokoneza anthu osamala kwambiri, amene sadumphitsa tsiku. Yankho lake nthawi zambiri ndi stabilizer, amene dzina lake lenileni ndi cyanuric acid.

Stabilizer amateteza klorini ku dzuwa. Popanda iye, dzuwa lamasana limawononga gawo lalikulu la klorini m'maola ochepa, choncho dziwe lapanja limamufuna. Koma amateteza pomugwira klorini, ndipo klorini wogwidwa motero amagwira ntchito pang'onopang'ono. Stabilizer akachuluka, klorini amene choyezera chikusonyeza amakhalamo ndithu, koma ndere zimaswana mofulumira kuposa mmene iye akuziphera.

Mapiritsi a trichlor ndi ufa wa dichlor zili ndi stabilizer m'kati mwake. Pa 10 ppm iliyonse ya klorini, trichlor amasiya pafupifupi 6 ppm ya stabilizer, dichlor amasiya 9 ppm. Klorini amatha, koma stabilizer sauluka ndi nthunzi, amangounjikana. Dziwe limene limadya 2 ppm ya klorini patsiku kuchokera ku mapiritsi limalandira stabilizer woposa 30 ppm pamwezi. Nyengo yotentha imodzi ndi yokwanira kumufikitsa pa 100 ppm, makamaka ngati simutaya madzi kawirikawiri.

Osamalira maiwe ambiri amatsatira lamulo lakuti klorini wamphamvu asatsike kuchepera 7.5 peresenti ya stabilizer, ndipo pa shock afike 40 peresenti. Pa stabilizer wa 40 ppm, klorini wa masiku onse ndi 3 ppm, wa shock ndi 16 ppm. Pa 100 ppm mufunika 7.5 ppm tsiku ndi tsiku, ndi 40 ppm pa shock, zimene ndi kungotaya ndalama. Njira yodalirika yomuchepetsera ndi kutaya madzi ena n'kudzazamo atsopano: mukasintha theka la madzi, stabilizer amatsika ndi theka. Mapiritsi si oipa, ndi othandiza mukachokapo kwa masiku angapo. Choipa ndi kuwadalira chaka chonse osayeza stabilizer.

Kodi pH, alkalinity ndi kashiamu zimatuwitsa bwanji madzi?

pH ikakwera imavulaza pawiri. Imafooketsa klorini: m'madzi opanda stabilizer, pa pH ya 7.5 pafupifupi theka la klorini limakhala lamphamvu yopha tizilombo, koma pa 8.0 limatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Imachititsanso kashiamu kusiya kusungunuka. Amasanduka ufa woyera wolendewera m'madzi, wina n'kumatirira pa matailosi ndi m'mapaipi. Kashiamu ameneyu ali ndi khalidwe lodabwitsa: madzi akatentha ndi pamene amalephera kusungunuka. N'chifukwa chake maiwe otenthetsedwa amavutika naye kwambiri.

Alkalinity ndi imene imagwira pH kuti isamasinthesinthe. Ikachuluka, pH imangokwera, mukaitsitsa lero mawa yabwerera. Mumaitsitsa ndi asidi, kaya hydrochloric kapena wa ufa wotchedwa sodium bisulphate, pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Asidi amatsitsa zonse ziwiri, pH ndi alkalinity, koma mukavundula madzi kuti alowe mpweya, mwachitsanzo polozetsa m'mwamba mapaipi obwezera madzi, pH yokha imakwera, alkalinity n'kutsala pansi. Soda ash, amene amakweza pH, amatuwitsa madzi nthawi yomweyo mukamuthira wambiri pakamodzi.

Mukafuna kudziwa ngati mbuu wanu ndi wa kashiamu, tungani madzi m'tambula n'kudonthezamo asidi pang'ono. Akayera, ndi kashiamu. Ndere ndi fumbi sizisungunuka motero. Amene amakonda masamu angagwiritse ntchito chiwerengero cha Langelier, chimene Wilfred Langelier anafalitsa mu 1936, chophatikiza pH, kutentha kwa madzi, kashiamu ndi alkalinity. Yankho likapitirira +0.3 madzi amatulutsa kashiamu, likatsika kupitirira −0.3 amadya pulasitala ndi zitsulo.

Pampu iziyenda maola angati patsiku?

Gawani malita a dziwe ndi malita amene pampu imakoka pa ola. Dziwe la malita 48,000 ndi pampu ya malita 8,000 pa ola zifuna maola 6 kuti madzi azungulire kamodzi. Koma kuzungulira kamodzi sikutanthauza kuti dontho lililonse lasefedwa, chifukwa madzi osefedwa amabwerera n'kusakanikirana ndi akuda. Gage ndi Bidwell anawerengera mu 1926 kuti kuzungulira kamodzi kumasefa 63 peresenti ya madzi, kawiri 86 peresenti, katatu 95 peresenti, kanayi 98 peresenti.

Choncho nyengo yotentha maola 8 mpaka 12 si ochuluka. Kuchepetsa maola a pampu poopa bilu ya magetsi ndi chimodzi mwa zifukwa zofala za madzi a mbuu. Pamene mukukonza vuto, pampu isazime.

Fyuluta ndiitsuke liti, ndipo ndingadziwe bwanji kuti yatha ntchito?

Lembani nambala imene geji ya puresha imasonyeza fyuluta itangotsukidwa. Ikakwera ndi 8 mpaka 10 psi, pafupifupi 0.6 bar (psi ndi bar ndi miyezo ya puresha), nthawi yotsuka yakwana. Pa fyuluta ya mchenga, zimitsani pampu, ikani valavu pa "backwash" (madzi amayenda chobwerera n'kutulutsa litsiro), yatsani kwa mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka madzi a m'kagalasi koonera ayere, zimitsaninso, ikani pa "rinse" kwa theka la mphindi, kenako mubwezere pa "filter". Musatembenuze valavu pampu ikuyenda, mumang'amba labala ya m'kati, ndipo labalayo ikang'ambika madzi akuda amadutsa osasefedwa. Komanso musamatsuke tsiku lililonse popanda chifukwa: mchenga wakuda pang'ono umagwira tinthu tating'ono kuposa woyera.

Puresha ikatsika m'malo mokwera, chatsekeka chili kumbali yokokera madzi, osati mu fyuluta.

Mchenga umasefa tinthu ta ma micron 20 mpaka 40 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), fyuluta ya cartridge (ya sefa yopindapinda) imafika 10 mpaka 20, ndipo ya ufa wosalala wotchedwa DE imatsika kufika cha pa 5 kapena kucheperapo. Ndere zakufa zambiri n'zazing'ono kuposa zimene mchenga umagwira, n'chifukwa chake fyuluta ya mchenga imachedwa kuyeretsa dziwe. Pakapita zaka, mchenga umagwirana ndi mafuta ndi kashiamu n'kuuma, ndipo madzi amadziboolera tinjira todutsamo osasefedwa. Tsegulani pamwamba, pampu itazimitsidwa, n'kuugwira: ukakhala wa zibuma kapena wa ming'alu, usintheni. Ambiri amasintha pakatha zaka 5 kapena kuposerapo pang'ono. Mukaona mchenga ukuunjikana pansi pa dziwe pafupi ndi potulukira madzi, ndiye kuti timapaipi ta pansi pa fyuluta tathyoka.

Clarifier ndi floc zimasiyana bwanji? Ndigule chiti?

Zonse zimamatiriza tinthu tating'ono kuti tikule. Clarifier amapanga timagulu tokwanira kugwidwa ndi fyuluta, pampu ikuyenda, ndipo amatenga masiku awiri kapena atatu. Ndi woyenera pa mbuu wochepa. Mukapitirira muyezo wolembedwa pabotolo amachita zosiyana, madzi amatuwa kuposa kale.

Floc, amene kawirikawiri ndi aluminium sulphate, amapanga zibuma zolemera zimene zimamira. Mumamuthira, kuzungulitsa madzi maola ochepa pa "recirculate", n'kuzimitsa pampu usiku wonse kapena tsiku lathunthu. Mukapeza litsiro layala pansi, mumalikoka ndi vacuum (chopopera litsiro la pansi) pang'onopang'ono, valavu ili pa "waste", pamene madzi amatayidwa kunja, kuti lisadutse mu fyuluta. Mumataya madzi ambiri, ndipo mukachita phuma litsirolo limavunduka n'kuyambiranso. Floc amatseka fyuluta ya cartridge, ndipo dziwe lopanda njira ya "waste" siliyenera kumugwiritsa ntchito.

Palibe mwa ziwirizi chimene chimapha ndere. Kuthira clarifier klorini ali pa ziro kuli ngati kumwa mankhwala oletsa ululu chilonda osachitsuka.

N'chifukwa chiyani madzi amatuwa mvula ikagwa, kapena anthu akasambira ambiri?

Mvula yokha siipitsa kwambiri. Choipitsa ndi zimene imakokolola: dothi, masamba, feteleza wa pakapinga. Feteleza ali ndi nayitirojeni ndi phosphate, zakudya za ndere. Ngati madzi othamanga amalowa m'dziwe mvula iliyonse, konzani ngalande, apo ayi mudzatopa ndi mankhwala.

Anthu nawo amabwera ndi thukuta ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Kusamba m'thupi kwa mphindi imodzi asanalowe kumachepetsa zambiri. Mukadziwa kuti kubwera anthu ambiri, kwezani klorini asanafike, ndipo muyezenso akachoka madzulo omwewo, osadikira m'mawa.

Ndangodzaza madzi atsopano, ndathira klorini, asanduka ofiirira kapena obiriwira koma pansi pakuoneka. Ndi ndere?

Mtundu ukasintha nthawi yomweyo klorini atangolowa, ndi zitsulo zosungunuka, zimene zimapezeka kawirikawiri m'madzi a pansi pa nthaka. Ayironi amapereka mtundu wa dzimbiri, kopa amapereka wobiriwira woonekera, manganese wakuda mofiirira. Kopa amachokeranso ku mankhwala ena ophera ndere, ndipo ndiye amabiriwitsa tsitsi loyera, osati klorini. Yesani mu ndowa yoyera: thirani klorini pang'ono m'madzi amene mumadzazira dziwe, muone ngati asinthe mtundu. Kuwonjezera klorini sikuchotsa zitsulo. Pamafunika mankhwala ogwira zitsulo, pH yotsikirapo ndi kusefa kosalekeza, msanga makoma asanathimbirire.

Madzi akuoneka oyera ngati utsi pafupi ndi potulukira. Ndi mankhwala?

Mwina ndi mpweya chabe. Tungani m'tambula, dikirani mphindi ziwiri. Akayera okha kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndi tinthovu. Yang'anani labala ya pachivundikiro cha pampu, ndiponso ngati madzi a m'dziwe afika pakati pa kamwa la skimmer.

Langa ndi dziwe la mchere. Zimenezi zikundikhudza?

Zonse. Dziwe la mchere ndi dziwe la klorini lomwe, kungoti klorini amapangidwa pompo ndi makina kuchokera ku mchere, umene pa makina ambiri umakhala cha pa 3,000 ppm. Makinawa amakonda kukweza pH, ndipo kashiamu amamatirira pa timbale take, timene tikakutidwa timapanga klorini wochepa. Tizidutswa toyera totuluka m'mapaipi ndi chizindikiro chake. Makinawa amapanga klorini pang'onopang'ono, choncho madzi akaipa chitani shock ndi klorini wogula.

Ndi mankhwala ati amene sayenera kukumana?

Asidi ndi klorini wamtundu uliwonse amatulutsa mpweya wakupha. Calcium hypochlorite ndi trichlor zikakhudzana, makamaka pachinyezi, zimatha kuyaka kapena kuphulika, choncho musagwiritse ntchito chotungira chimodzi, ndipo musaike ufa m'chotengera cha mapiritsi. Thirani mankhwala m'madzi, osati madzi m'mankhwala. Mukathira mtundu umodzi m'dziwe, lolani madzi azungulire musanathire wina.

Zina sizivulaza munthu koma zimaphana zokhazokha. Pa masewera a Olympics a ku Rio de Janeiro mu 2016, madzi a dziwe lodumphiramo anasanduka obiriwira dziko lonse likuonerera. Okonza masewerawo anafotokoza kuti munathiridwa hydrogen peroxide, amene amathetsa mphamvu ya klorini.

Zitenga masiku angati kuti madzi ayere?

Mbuu wochepa umatha tsiku limodzi kapena awiri. Dziwe limene linagwidwa ndi ndere limatenga masiku atatu mpaka mlungu, makamaka pa fyuluta ya mchenga. Kuti muone ngati zikusintha, jambulani masitepe a dziwe nthawi yofanana tsiku lililonse n'kuwerenga amene akuoneka. Masiku atatu akadutsa osasintha kanthu, klorini ali pa mlingo wake ndipo sakutsika usiku, bwererani ku funso la fyuluta. Yang'ananinso zoyezera zanu, chifukwa madontho ndi timapepala zimaguga, makamaka zikasungidwa padzuwa.

Bwanji osangokhuthula dziwe lonse n'kudzaza madzi atsopano?

Kusintha madzi n'koyenera pa zinthu ziwiri zimene mankhwala wamba sangachotse: stabilizer ndi kashiamu wochuluka. Pa kashiamu, yezani kaye madzi odzazirawo, chifukwa akakhala nawonso ndi wambiri simupindula kanthu. Pa ndere kapena fyuluta yowonongeka, madzi atsopano adzatuwanso m'masiku ochepa.

Kukhuthula lonse kuli ndi ngozi yake. Kulemera kwa madzi ndi kumene kumakanikiza dziwe kuti likhale pamalo pake. Nthaka ikakhala ndi madzi ambiri, monga nthawi ya mvula, dziwe lopanda kanthu likhoza kukankhidwa m'mwamba n'kung'ambika, ngakhale la konkire. La fibreglass limapindika makoma, la nsalu ya vinyl limakwinyika, ndipo pulasitala wosiyidwa padzuwa amachita ming'alu. Chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu, dzazani, lolani madzi azungulire tsiku limodzi, yezani, ndipo mubwereze ngati nambala sinatsike mokwanira. Madzi otayawo asapite mumtsinje kapena m'dziwe la nsomba klorini asanathe, chifukwa ngakhale wochepa kwambiri amapha nsomba.